Waya Wotuluka

Chaka chake sindichikumbuka, ndipo mayina a malo anandithera m'njira. Chimene chinatsala m'mutu mwangamu ndi basi imene inkaoneka imodzimodzi kulikonse, fumbi la pa mawindo, ndi a Nankhonya akuyenda patsogolo panga mosacheuka, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Ndinawatsatira zaka zambiri. Nthawi zina ndikawodzera masana pansi pa mtengo ndimadzidzimuka ndikufulumira, ngati andisiya.

Ndinakumana nawo m'tauni ina ya fumbi, kumene ndinkakonza mawailesi pakhonde la golosale. Ndinali munthu wamkulu kale. Mkazi wanga anali atamwalira, akuchikazi atandisudzula mwaulemu, ana atatsala ndi amalume awo monga mwa mwambo. Panalibe chondigwira mwendo. Tsiku lina mayi wina wamfupi, wa imvi zapatalipatali, anaima nthawi yaitali akundiyang'ana ndikutchera khutu pa wailesi yakufa.

"Achimwene, makutu ndaona kuti muli nawo," anatero. "Nanga miyendo?"

Tinapita ku fakitale yoyenga mafuta a mpendadzuwa kumapeto kwa tauniyo. Kunali kachipinda, tebulo, ndi kompyuta yofundidwa chitenje poopa fumbi. Pambuyo pake ndinadzazindikira kuti kachipinda kameneka kali m'tauni iliyonse, chimasintha ndi chitenje chokha. Pambali pa kompyutayo panali kabokosi kotuwa kosaposa buledi, kokhala ndi mizere iwiri ya tizibowo tomangiramo mawaya.

"Kompyutayi ndi mbuli yanzeru," anatero a Nankhonya. "Imadziwa manambala basi. Kutentha siikumva, madzi siiwaona. Bokosi ili ndiye womasulira wake. Mzere wautaliwu ndi makutu. Mawaya ochokera ku makina amabweretsa timagetsi, bokosi n'kutisandutsa manambala. Koma tizibowo tiwiri tapambaliti ndi pakamwa. Kompyuta ikaganiza nambala, bokosi limaisandutsa magetsi, kuyambira pa ziro kukafika mavoliti khumi, n'kuwatumiza ku makina. Ikanena asanu, mota izungulira theka la liwiro lake. Ikanena awiri, izingoyenda ngati mkamwini wopita kudambwe."

"Ndiye kuti ndi swichi basi," ndinatero ine, pofuna kuoneka wodziwa.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo.

"Swichi imadziwa eya ndi ayi. Uyu amadziwa kunyengerera."

Kenaka anandiuza lamulo lawo, ndipo analinena akupukuta fumbi pa tebulo, ngati nkhani wamba. Makutu onse a bokosi anali anga. Ndikanatha kumanga mawaya olowa mmene ndingafunire, chifukwa khutu likalakwa limangonama, silithyola kanthu. Koma waya wotuluka sindimayenera kumukhudza. Pakamwa pawiri pakalankhulira pa waya mmodzi, pena pamakokera magetsi m'mwamba, pena pansi, mpaka pamodzi papse. Iwo ankati ndi mmenenso zilili ndi amisiri.

"Ndaphunzitsa ambiri," anatero. "Aliyense ndinamusiya pamalo pamene anamanga waya wake woyamba wotuluka. Tsiku limene inu mudzamange wanu, ndi lomwelo tidzasiyane."

Ndinaseka mumtima. Ndinkaganiza kuti mvula isanagwe ndidzakhala nditamanga wayayo, n'kuwatsanzika mayiwo ndi zikomo wapakamwa. Ndinaiwala kuti walira mvula walira matope.

Ku fakitale ija malamba a makina ankaduka kawirikawiri, ndipo kapitawo ankati ndi ufiti wa anzake ampikisano. A Nankhonya sanatsutse. Analumikiza mita yawo pa waya wotuluka n'kundiuza kuti ndiyang'ane singano yake. Makina atayatsidwa, singano inalumpha kuchoka pa ziro kukagunda pa khumi, mota inakuwa, lamba n'kulira ngati mbuzi yokokedwa. Iwo anakhala pansi n'kulemba zinthu zochepa mu kompyutamo. Atayatsanso, singano inadzuka mwaulesi, n'kukwera, n'kukwera, ndipo mota inayamba ndi kung'ung'udza isanayimbe.

"Kompyuta siidziwa kuyenda, imangodumpha," anandiuza. "Ngakhale ichi mukuchiona ngati chitunda chosalala ndi masitepe ang'onoang'ono. Ntchito yathu ndi kuwachepetsa kufikira makina asawamvenso."

Anagwira chitsulo cha mota ndi chikhatho, maso atatsinzina, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Ndinali ndisanaonepo munthu akugwira makina motero. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuwasirira.

Tinayenda. Pa depoti iliyonse panali mayi wogulitsa nthochi amene ankatiyang'ana ngati akutidziwa, ndipo kondakitala aliyense ankafunsa ngati ndife banja. A Nankhonya ankayankha kuti, "Awa ndi makutu anga," anthu n'kuseka. Ine ndinkamanga mawaya olowa: a kutentha, a kulemera, a kuya kwa madzi. Ndikatha ndinkaima pambali, iwo n'kutulutsa kasikurudiraiva ka chogwirira chofiira, n'kuwerama pa tizibowo tiwiri tija. Zala zanga zinkayabwa, sindibisa. Munthu ukamvetsera zaka zambiri umafunanso kuti makina akumvere iwe.

Tinafika ku mapiri a tiyi, kumene mvula siisiya kwenikweni koma imangopumira. Kumeneko kunali munthu wina dzina lake Namakhwa, mmodzi wa amene a Nankhonya anawaphunzitsa kale. Anali bambo wa mimba yake, wolemekezeka pa esiteti yonse, koma atawaona pageti anagwada m'matope momwemo.

"Mayi, mwabwera. Ine ndimati mwina munandiiwala."

"Dzukani, a Namakhwa, thalauzi ndi lanu koma wochapa ndi wina."

Anatilowetsa m'kachipinda kake. Chitenje cha pa kompyuta chinali cha masamba obiriwira. Vuto lake linali lakuti shedi yatsopano youmitsira masamba inali kutali kumunsi kwa phiri, ndipo bokosi likatumiza khumi, ku mafani kunkafika asanu ndi anayi, pena osakwana. A Nankhonya anaweramira bokosilo manja ali kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake. Sanakhudze ngakhale tebulo.

"Mavoliti amatopa ndi ulendo, amatsalira m'njira," anatero. "Musamatumize kukankha kwa magetsi, muzitumiza kuyenda kwake, ngati madzi a m'paipi. Olowa kuno ndi omwewo otuluka uko. Ndipo musayambire pa ziro, muziyambira pa nambala folo."

"Bwanji pa folo, Mayi? Ngati ndikufuna fani iime?"

"Ikamaima iziima pa folo. Munthu wogona amapuma ndithu. Mukadzaona ziro mudzadziwe kuti waya waduka, osati kuti fani yauzidwa kukhala chete."

Namakhwa anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Anawapempha kuti angomanga okha kamodzi kokha, kuti aonenso manja awo ali pantchito. Anakana. Anawapempha kuti agone, akazi ake aphe nkhuku. A Nankhonya anamwa tiyi ali chiimire, n'kunyamula chikwama. Nditacheuka pageti ndinaona bambo uja ataima pamvula, manja ali lende, akuyang'ana kumene tinkalowera. Anali ndi waya wake, ulemu wake, nyumba ya malata. Koma nkhope ija inandiopsa, chifukwa ndinadziwa kuti idzakhala yanga.

Kuchokera pamenepo mtima wanga unagawika. Waya uja ndinkamufuna, koma a Nankhonya ndinkawafuna koposa. Sindikunena za chikwati, a m'mabasi aja ankangotaya malovu. Ndinkafuna kudzuka m'mawa ndikudziwa kuti pali munthu woyenda patsogolo panga amene akudziwa kumene tikupita. Ndinali nditasudzulidwapo kale kamodzi, ndipo sindinkafuna kulawanso.

Tinatsikira ku chigwa chotentha, kumene mphepo imawomba ngati yochokera mu uvuni. Kunali sikimu ya mpunga, ndipo chitseko cha madzi a mu ngalande yaikulu chinkatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi waya wotuluka, womangidwa ndi amisiri ena amene sitinawadziwe. Tsiku lina kompyuta inauma chitseko chili chotsegula. Siinazime, inangoleka kuganiza. Bokosi linapitiriza kunena mawu omaliza amene linauzidwa, ndipo madzi anayenderera tsiku lathunthu, n'kukokolola mbande zonse za kumunsi. Tinapeza anthu ataima m'mphepete mwa minda imene inasanduka dziwe.

Mayi wina wobereka mwana anatiyandikira. "Inu ndi eni makinawa? Alibe chisoni makina anu. Tinakuwa, tinagogoda pa kompyutapo, iwo phee, madzi akungobwera."

"Pepani, mayi," anatero a Nankhonya. "Si nkhanza, ndi kumvera kopitirira. Bokosi ili likauzidwa mawu limawasunga mpaka litauzidwa ena. Amene anamanga anafunsa zimene waya azinena kompyuta ili moyo. Sanafunse zimene azinena itafa."

Anagwira ntchito imeneyo masiku angapo osaseka ndi munthu. Anaikapo kachipangizo kodikira, koti kompyuta ikakhala nthawi osalankhula, waya azibwerera yekha pa folo, chitseko n'kutsekeka. Atamaliza anaitana alimi onse kuti adzaze kachipinda kaja, ena n'kusuzumira pawindo. Anatsegula madzi. Kenaka, anthu onse akuona, anazula pulagi ya kompyuta kukhoma. Amayi anakuwa, bambo wina anagwira mutu. Kunja chitseko chinalira, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka madzi anaduka. Umenewu unali mwambo wawo kulikonse: sankachoka pamalo asanaiphe kompyuta pamaso pa eni ake.

Ndi tsiku lomwelo limene ndinaona dzanja lawo lamanja likunjenjemera. Anali akubwezera pulagi ija, ndipo inaphonya bowo kangapo. Anati ndi kutentha. Ine ndinavomera kuti kunkatenthadi.

Koma kunjenjemerako kunatitsatira ku malo ozizira omwe. Tinadutsa tauni ya njanji, tauni ya matabwa, ndi ina imene ndimangoikumbukira fungo la fodya. M'kachipinda kalikonse nthawi yowerama pa tizibowo tiwiri tija inkatalikirako. Tsiku lina kasikurudiraiva kanagwa pansi. Ndinakatola n'kuwabwezera, ndipo mosaganiza ndinagwira mkono wawo pafupi ndi chikhatho kuti ukhazikike. Anamanga wayayo dzanja langa lili pa lawo.

Tinachita choncho nthawi yaitali, ndipo ine ndinkadziona wochenjera kwambiri. Waya sindinkamukhudza, lamulo silinaphwanyidwe, ndipo Mayi anali pomwepo. Eni mafakitale ankaona ngati ndi ulemu wa mtundu wina. Ndinkapemphera kuti zikhale choncho mpaka kalekale, ndipo ndikukhulupirira kuti a Nankhonya nawonso ankazilola chifukwa msewu anali asanaukhute.

Malo otsiriza anali tauni ya pamwamba pa phiri, nyengo yachisanu, nkhungu ili mbuu mpaka masana. Gulu la amayi linali ndi nyumba yoswetsera mazira a nkhuku ndi makina. Chowongolera kutentha chinali chitafa m'mawa umenewo, mazira atatsala pang'ono kuswa. Mtsogoleri wawo, a Nangondo, anatichingamira panjira akuthamanga, mpango utagwera paphewa.

"Fulumirani, anthuni, akuzizira! Tayesa mbaula, koma a m'mphepete akupsa, a pakati ali zii. Anapiye ali moyo m'katimo, mukaika khutu akumveka. Ndi chaka chathu chonse chimenechi."

Ndinamanga makutu a bokosi la m'kachipinda kawo mofulumira, ndipo manambala anaoneka pa kompyuta akutsika. Chinatsala ndi waya mmodzi wopita ku chotenthetsera. A Nankhonya anatulutsa kasikurudiraiva kaja, ine n'kugwira mkono wawo monga mwa masiku onse. Koma chisanu chinali chitawalowa. Dzanja linkagwedezeka mwamphamvu kuposa kale, ndipo ine pofuna kulikhazika ndinalikanikiza. Iwo ankakokera uku, ine uko. Nsonga ya waya inaterera n'kukhudza kabowo ka magetsi koyandikana nako. Kunamveka kuti thee, ndipo kautsi kowawa kanatuluka m'bokosi.

A Nankhonya anayesa ndi mita. Pakamwa pamodzi panali patapsa. Panatsala pamodzi, ndipo bokosi lina silikanapezeka m'dera lonselo mazira asanafe.

Anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali, mosakwiya, ngati mmene umayang'anira mnzako wakale amene waledzera pamaliro. Kenaka anaika kasikurudiraiva kaja pa tebulo. Sanandipatse m'manja. Anabwerera m'mbuyo n'kupinda manja kumsana.

"Mayi, tiyeserenso," ndinatero. "Ndigwira bwino ulendo uno. Tiwothe kaye manja pa mbaulapo."

"Tayesa kale, achimwene, ndipo mwaona zimene pakamwa pawiri pamachita. Ndinalakwa ndine kuzilola."

"Ndiye ndiuzeni kuti lamulo lija latha. Ndimanga, koma munene kuti latha."

"Silinathe."

"Mayi, ine ndilibe kwina."

"Ndikudziwa. Koma mazira sadikira chisoni chathu."

A Nangondo ankangoyang'ana uku ndi uku, osamvetsa chimene anthu akuluakulu awiri ankalimbirana pamene nambala inkatsika. "Kaya ndi ndani, koma wina amange, chonde," anatero. Ndinaika khutu pa chitseko cha makina aja, mwina pofuna kuzengereza. M'katimo munkamveka timawu tating'ono, tofooka, tambirimbiri.

Ndinatola kasikurudiraiva kaja. Chogwirira chake chinali chidakali chofunda. Chimene ndinachilakalaka zaka zonsezo chinatenga kanthawi kochepa kwambiri: waya analowa, ndinapotokola, ndinakoka pang'ono kuti ndione ngati wagwira. Pa kompyuta sindinalole nambala kudumpha ngakhale amayi aja ankandipempha kuti ndiotche msanga. Ndinaikweza pang'onopang'ono, singano ya mita ikudzuka, kufunda kukulowa m'mazira osawadzidzimutsa. Nambala ya kutentha inaima, inakhala ngati ikuganiza, kenaka inayamba kukwera. Ndinamva chimwemwe chimene sindinachimvepo.

Kutentha kutakhazikika ndinakonza mawu oti waya azinena kompyuta ikafa, ofunda mokwanira kusunga moyo koma osapsereza. Ndinaitana amayi onse. Ndinazula pulagi. A Nangondo anakuwa kuti, "Mayo, watipha munthuyu!" Koma chotenthetsera chinatsika pang'ono n'kukhazikika, ndipo anapiye anapitiriza kulira m'zikamba zawo. Kumbuyo kwanga ndinamva a Nankhonya akuseka chapansipansi.

Ndinayamba kuyang'ana kachipindako ndi maso atsopano, tebulo lake, zenera lake losweka, poganiza kuti ndi pano pamene ndisiyidwe. Ndinafunsa a Nangondo ngati kuli nyumba ya lendi pafupi.

"Nyumbayo mufunsire ine," anatero a Nankhonya. Anali atakhala pa benchi, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni atakhala pansi ntchito itatha. "Ena onse ndinkawasiya pamalo, ine n'kupitirira, chifukwa msewu unali wanga. Lero msewu ndi wanu. Kuli mabokosi ambiri kutsogoloku amene sanafunsidwe zimene adzanene kompyuta ikadzafa. Ine nditsala. Amayiwa akufunika munthu wowayang'anira manambala, ndipo makutu ndikadali nawo."

"Ndingatsale nanu ngakhale mpaka anapiye aswe."

"Akaswa mudzati akule kaye. Ndikukudziwani, achimwene. Basi ya masana siinapite."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, akuyenda pambali panga, pang'onopang'ono. Anandiuza kuti ndizivala juzi, ndiponso kuti kapitawo akanena za ufiti ndisamatsutse, ndizingolumikiza mita. Basi inatulukira mu nkhungu, ndipo kondakitala anafunsa kuti, "Awiri?"

"Mmodzi," anayankha iwo.

Ndinakhala pawindo. Basi itayamba kuyenda anakweza dzanja lamanja m'mwamba, ndipo linkagwedezeka uku ndi uku. Mpaka lero sindidziwa ngati anali iwo akunditsanzika kapena anali matenda aja. Ine ndinatulutsa mkono wanga pawindo n'kuyankha ndithu, ndipo sindinaubweze mpaka nkhungu inawameza.